KODI MLANDU UMAOLA?

Makolo athu adati mlandu suola. Mawu amenewa ngoona pabwalo la mfumu ya m'mudzi, pamene munthu angathe kudzutsa nkhani ya mbuzi imene malume ake adabwereketsa iye akali mwana, akuluakulu nkukhala pansi pa mtengo kuimva bwinobwino. Koma anthu ambiri amanyamula mwambi womwewu kupita nawo ku mabwalo a milandu a Boma, ndipo kumeneko umawapweteka. Pakuti ku khoti mlandu uli ndi masiku ake owerengedwa, ndipo munthu wogona pa mlandu wake angathe kudzuka tsiku lina napeza kuti woweruza anauchotsa kalekale, mboni zake zisanayankhule ndi liwu limodzi lomwe.

Mwezi uno tifuna kukufotokozerani, inu owerenga athu a m'midzi ndi aphunzitsi, za masiku amenewa ndi za mphamvu imene woweruza ali nayo munthu akawaphonya. Sitikunena za milandu ya kuba kapena kupha imene apolisi amapita nayo ku khoti, iyayi. Tikunena za milandu ya pakati pa munthu ndi mnzake, kapena munthu ndi kampani: ngongole yosabwezedwa, pangano lophwanyidwa, chipukuta misozi cha munthu wogundidwa ndi galimoto, ndi ina yotere. Pa milandu imeneyi mwini wake ndiye woyendetsa. Palibe wapolisi amene adzabwera kudzamkumbutsa.

NTHAWI ZIWIRI ZOSIYANA

Choyamba muyenera kudziwa kuti nthawi za milandu zili za mitundu iwiri, ndipo kusokoneza ziwirizi ndiko kumagwetsa anthu ambiri.

Mtundu woyamba ndi nthawi yoyambira mlandu. Imeneyi inaikidwa ndi Nyumba ya Malamulo m'lamulo lotchedwa Limitation Act. Lamuloli likuti munthu wofuna kusumira mnzake chifukwa cha ngongole kapena pangano lophwanyidwa achite chotero zisanathe zaka 6 chichitikire cholakwacho. Koma ngati munthu wavulazidwa m'thupi chifukwa cha kusasamala kwa wina, nthawi yake ndi zaka 3 zokha. Tiyerekeze kuti mphunzitsi wina anagundidwa ndi minibasi ali panjinga mu Malichi 2021. Anagona m'chipatala miyezi iwiri, kenaka nayamba kulemba makalata kwa mwini galimoto ndi kwa a inshuwalansi. Iwo namuyankha mokoma kuti, dikirani pang'ono, tikuiona nkhani yanu. Makalata otere saimitsa kuwerenga kwa masiku. Ngati Malichi 2024 anadutsa iye asanakasume ku khoti, omuyankha mokoma aja angathe kuimirira pamaso pa woweruza ndi kunena kuti nthawi inatha, ndipo woweruza, ngakhale amumvere chisoni chotani mphunzitsiyo, manja ake ali omangika. Lamulo lili ndi zipata zowerengeka, monga za mwana wosafika msinkhu, za munthu wodwala mutu, kapena pamene cholakwa chinabisidwa mwachinyengo. Ndiponso wangongole akalemba kalata yosaina yovomera ngongoleyo, kapena akabwezako pang'ono, kuwerenga kumayambanso. Koma zipata zimenezi nzopapatiza, ndipo munthu wanzeru saziyembekezera.

Mtundu wachiwiri ndi nthawi zoyendetsera mlandu umene wayamba kale. Izi zili m'malamulo a kayendetsedwe ka khoti, kapena amazitchula woweruza yekha pakamwa pake: kuti pepala lakuti lifike pasanathe masiku akuti, mayina a mboni aperekedwe pofika tsiku lakuti. Pa nthawi za mtundu umenewu woweruza ali ndi danga. Angathe kuonjezera masiku, angathe kukhululuka, angathe kulipiritsa wochedwayo, angathenso kuuchotsa mlandu wonse. Danga limeneli ndilo mutu wa nkhani yathu.

MASIKU AMENE BWALO LALIKULU LIMAWERENGA

Bwalo Lalikulu la dziko lino, limene limakhala ku Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba, linayamba kutsata malamulo akeake atsopano a milandu yotere mu Okutobala 2017. M'malamulo amenewa munthu amene walandira samani ali ndi masiku 14 oti adziwitse khoti ngati akuvomera kapena akukana, ndi masiku 28 oti apereke yankho lake lonse lolembedwa. Akakhala chete, wodandaula angathe kupempha khoti kuti limpatse chigamulo popanda kumva mbali inayo. Anthu ambiri a kumudzi amaganiza kuti kukana kulandira pepala, kapena kulibisa kudenga, ndiko kuthawa mlandu. Si choncho konse. Chotsatira chake ndi kuona akhoti atafika pakhomo kudzalemba katundu.

Wodandaula nayenso ali ndi zingwe zake. Ngati anayenera kuchita kanthu pofika tsiku lina koma sanachite, wosumiridwayo angathe kupempha khoti kuti lichotse mlanduwo chifukwa mwini wake sakuulondola. Ndipo ngati papita miyezi 12 popanda sitepe ina iliyonse yochitidwa pa mlanduwo, khoti lingathe kuufafaniza lokha, osayamba latumiza chenjezo kwa wina aliyense. Pali chinanso. Milandu yambiri isanafike pozengedwa, mbali ziwirizo zimayamba zakhala pamaso pa woweruza monga mkhalapakati, kuyesa ngati zingagwirizane. Wodandaula akajomba tsiku limeneli popanda chifukwa chomveka, mlandu wake ungathe kuchotsedwa. Akajomba wosumiridwa, yankho lake lingathe kufafanizidwa.

Mabwalo a majisitireti, amene ali pafupi ndi anthu ambiri a m'midzi, ali ndi malamulo awoawo, chotero masiku tatchulawa musawatenge ngati ndi a khoti lililonse. Kumeneko yang'anani tsiku lolembedwa pa samani imene mwalandira, ndipo funsani kalaliki wa khoti. Koma mtima wa nkhaniyi ngumodzimodzi: wosabwera ndi wochedwa amaika mlandu wake m'manja mwa woweruza.

Tsono taonani mawu amene tabwereza kangapo pamwambapa: "angathe", "lingathe". Malamulowa sakuti woweruza achotse mlandu nthawi zonse munthu akachedwa. Akuti angathe. Ndiponso malamulo omwewo a 2017 akunena poyera kuti kulakwitsa ndondomeko sikupha mlandu pakokha; ndi chilema chimene khoti lingathe kuchiza kapena kuchilanga monga liona kuyenera.

CHIFUKWA NINJI WOWERUZA ANAPATSIDWA DANGA?

Wina angafunse kuti, bwanji osangolemba lamulo louma, kuti wochedwa aliyense mlandu wake wafa, kuti anthu onse adziwiretu? Yankho lake nlakuti kuchedwa sikufanana. Alipo mayi amene anachedwa ndi masiku awiri chifukwa mtsinje unadzaza ndipo mlatho unakokoloka. Aliponso munthu wachuma amene anasumira mnzake kungofuna kumuopsa, nausiya mlanduwo uli lende pamutu pa mnzakeyo zaka zisanu. Kuwalanga awiriwa ndi chikoti chimodzi sikungakhale chilungamo. Gawo 41 la Malamulo Aakulu a dziko lino, a chaka cha 1994, likupatsa munthu aliyense ufulu wofika ku khoti ndi kulandira thandizo lenileni pa madandaulo ake. Kutsekera munthu chitseko chifukwa cha cholakwa chaching'ono cha pepala ndi chinthu cholemera, ndipo oweruza sachichita mopepuka.

Komanso lamulo lofewa kotheratu, lakuti munthu achedwe monga afunira, lili ndi nkhanza zake. Ife tikamva za mlandu wochotsedwa timafulumira kumvera chisoni wodandaula, nkuiwala munthu winayo. Iyeyo wakhala zaka zambiri osadziwa ngati nyumba yake idzagulitsidwa kapena ayi. Sangathe kukongola ndalama momasuka, sangathe kugawira ana ake chuma. Mboni yake yaikulu, imene inaona zonse, mwina inamwalira, kapena inapita ku Johannesburg osasiya keyala. Malisiti anadyedwa ndi chiswe. Otsalawo akumbukira mwa apo ndi apo. Kodi woweruza angapeze bwanji choona pa zinthu zimene zinachitika zaka khumi zapitazo, pamene okumbukira palibe? Ndiye palinso anthu ena osaoneka, amene milandu yawo ili pamzere kudikira tsiku. Tsiku limene khoti linakonzera mlandu wina, eni ake osabwera, ndi tsiku lobedwa kwa anthu amenewa.

Chotero woweruza amaima pakati pa zinthu ziwiri zabwino zimene zikukokana. Palibe sikelo yogula kusitolo imene ingamuyezere zimenezi; ayenera kuyeza ndi nzeru zake, mlandu uliwonse pawokha. Koma sayeza monga mwa kukonda kwa mtima wake kapena monga wadzukira tsikulo. Pali njira imene oweruza anzake anaponda kale, ndipo akaisiya popanda chifukwa, wolakwiridwayo angathe kuchita apilo ku bwalo lapamwamba.

KUMENE NJIRAYI INACHOKERA

Kuti timvetse njira imeneyi tiyenera kupita ku England pang'ono. Chifukwa chake nchakuti kufikira 2017 Bwalo Lalikulu la kuno linkatsata malamulo a kayendetsedwe ka milandu a ku England, ndipo maganizo a oweruza a kumeneko ankawerengedwa m'makhoti athu. Lero zigamulo za ku England sizimanga oweruza athu, koma maloya amazitchulabe monga munthu atchulira nzeru za mkulu wa mudzi woyandikana nawo.

Mu 1968 bwalo la apilo la ku England, lotsogozedwa ndi Lord Denning, linamva pamodzi milandu itatu imene inagona nthawi yaitali. Umodzi unali wa mayi wamasiye amene mwamuna wake anafa pantchito, ndipo panali patapita zaka pafupifupi zisanu ndi zinayi mlandu usanazengedwe. Wochedwetsa sanali mayiyo, koma maloya ake. Ngakhale zinali choncho, bwalo linavomereza kuti mlanduwo uchotsedwe, pakuti nthawi inali itaononga umboni. Ndipo linati mayiyo atembenukire kwa maloya ake omwewo, ndiwo amlipire chimene anamtayitsa. Chigamulo chimenechi chinadzidzimutsa maloya aulesi.

Mu 1977 bwalo la House of Lords, limene pa nthawi imeneyo linali lalikulu koposa, linaika malire pa mlandu wodziwika ndi dzina lakuti Birkett v James. Lord Diplock anafotokoza kuti mlandu uchotsedwe pa zifukwa ziwiri zokha. China ndi pamene munthu wanyozera dala lamulo la khoti, mwamwano. Chinzake ndi pamene kuchedwa kwapyola muyeso, kulibe chowiringula chomveka, ndiponso kwafika poti mlandu sungazengedwenso mwachilungamo kapena wosumiridwayo wapwetekeka kwambiri. Onani kuti kuchedwa kokha sikunali kokwanira. Wopempha kuti mlandu uchotsedwe anayenera kusonyeza chilonda chimene kuchedwako kwamsiyira. Muyeso umenewu unagwira ntchito zaka zambiri, ndi kuno komwe.

Koma patapita nthawi anthu anaona kuti muyesowu unali wofewa. Maloya anazolowera kuti bola mnzako asasonyeze chilonda, ungathe kuzengereza monga ufunira, nkulipira kandalama pang'ono basi. Chotero mu 1999 England inayamba malamulo atsopano, otsatira malangizo a Lord Woolf, amene anachotsa chiwongolero cha mlandu m'manja mwa maloya nachipereka kwa woweruza. Malamulo athu a 2017 anatengera mzimu womwewu: woweruza sangokhala phee kudikira, koma ayendetse mlandu, aone kuti ukutha msanga, mosaononga ndalama, ndipo usadye nthawi ya milandu ina.

Monga zimakhalira, chingwe chikamasuka kwambiri womanga amachikoka mopyoza. Mu 2013 phungu wina wa Nyumba ya Malamulo ya ku Britain, Andrew Mitchell, anali pa mlandu ndi eni nyuzipepala ya The Sun. Maloya ake anachedwa ndi masiku 6 kupereka pepala losonyeza ndalama zimene mlanduwo udzadye, zoposa mapaundi 500,000. Khoti linalamula kuti ngakhale adzapambane, sadzabwezeredwa ndalama za maloyazo, koma zolipira ku khoti zokha. Ndipo bwalo la apilo linavomereza. Zitatero makhoti a kumeneko anadzaza ndi mikangano ya masiku ndi mphindi, maloya akudikirirana kuti mnzawo apunthwe.

MLANDU WA ALIMI A NG'OMBE ZAMKAKA

Mu Julaye 2014 bwalo la apilo lomwelo linaongola zinthu, ndipo pano tikhalitsepo, chifukwa milandu itatu imene linagamula tsiku limodzi ikusonyeza bwino mmene woweruza amaganizira. Maloya amaitchula yonse ndi dzina la woyambawo, Denton v TH White.

Woyambawo unali wa alimi a ng'ombe zamkaka amene anasumira kampani imene inawaikira makina okamira mkaka, ponena kuti makinawo sanali bwino. Mlandu unayamba mu 2005. Patapita zaka zambiri khoti linakonza masiku 10 a mu Januwale 2014 oti liuzenge. Kutatsala milungu yowerengeka, alimiwo anatulukira ndi maumboni olembedwa a mboni okwana 6, pamene nthawi yoperekera maumboni inali itatha kale. Woweruza woyamba anawamvera chisoni, nalola maumboniwo, nasuntha tsiku la mlandu. Bwalo la apilo linati walakwa. Kuchedwako kunali kwakukulu, chifukwa chomveka panalibe, ndipo kusuntha masiku 10 a khoti kunapweteka kampaniyo pamodzi ndi anthu ena odikira. Maumboniwo anakanidwa.

Wachiwiri unali wa kampani imene mlandu wake unachotsedwa chifukwa ndalama yolipira ku khoti sinafike pa tsiku lake. Cheke chinatumizidwa mochedwa, nichisowa. Apa bwalo la apilo linati kuchotsa mlandu wonse chifukwa cha chimenechi nkupha nyerere ndi nkhwangwa, pakuti ndalamayo inalipidwa ndipo mlandu sunaimitsidwe ndi cholakwacho. Mlandu unabwezeredwa. Wachitatu ndiwo woseketsa: pepala linafika mochedwa ndi mphindi 45, ndipo makhoti awiri anakana kukhululuka. Bwalo la apilo linakhululuka.

Pa milandu itatuyi oweruza anatulutsa mafunso amene woweruza ayenera kudzifunsa motsatana. Ayambe waona kukula kwa cholakwacho: kodi chasokoneza kuyenda kwa mlandu, kapena nchaching'ono? Ngati nchaching'ono, asataye nthawi. Ngati nchachikulu, afunse chifukwa chake. Kenaka ayang'ane zonse za mlanduwo pamodzi: kodi munthuyu ndi kale lonse amachedwa, kapena nkoyamba? Kodi atazindikira anathamanga kudzapepesa, kapena anadikira kuti agwidwe? Ndipo anachenjezanso mbali inayo, kuti wokana kukhululukira mnzake pa kanthu kachabechabe, pofuna kupambana mlandu pa khomo la kuseri, angathe kulipitsidwa ndalama iyeyo.

Kunena zoona, mafunso amenewa sali achilendo kwa munthu amene anakhalapo pabwalo la kumudzi. Nayonso mfumu, munthu akapanda kubwera tsiku la mlandu, imayamba yafunsa ngati kwagwa maliro kapena ndi mwano chabe, ndiponso ngati nkoyamba. Kusiyana kwake nkwakuti ku khoti zifukwa zimafuna umboni wolembedwa ndi wolumbirira, ndipo mwayi wachiwiri sukhala wotsimikizika.

ZIFUKWA ZOMVEKA NDI ZOSAMVEKA

Matenda aakulu, ngozi, imfa ya loya, kapena kusalandira konse pepala loitanira ku khoti, zimenezi oweruza amazimva, makamaka ngati pali kalata ya kuchipatala kapena umboni wina. Kuchedwa kochokera ku khoti lenilenilo, monga pamene failo yasowa m'kaundula kapena tsiku silikuperekedwa, sikuyenera kugwera wodandaula. Koma iye asonyeze makalata amene analemba kukumbutsa, pakuti wongokhala chete amaoneka ngati wavomereza. "Ndinaiwala", "ndinali kumunda", "ntchito inandichulukira": izi nzofooka. "Tinali kukambirana zogwirizana kunja kwa khoti" nchifukwa chimene anthu amachikhulupirira kwambiri, koma nchoterera, pokhapokha ngati khoti linadziwitsidwa ndipo mbali zonse zinalemba kuti masiku aime.

Nanga ngati wolakwa ndi loya? Ili ndilo funso lowawa koposa, chifukwa munthu wa kumudzi amagulitsa mbuzi kapena matumba a chimanga, napereka ndalama kwa loya m'tauni, nabwerera kwawo ndi mtima woti zonse zili m'manja abwino. Pa malamulo, chimene loya wachita kapena walephera kuchita chimawerengedwa ngati chachitidwa ndi mwini mlandu. Oweruza ena amachita chifundo poona kuti mwini wake analibe chifukwa. Ena amati, monga zinachitikira mayi wamasiye uja, pita ukamsumire loya wakoyo. Ife tiona kuti njira yachiwiriyi njolemera kwa munthu wosauka, amene ndalama zake zinathera kwa loya woyambayo; kumuuza kuti ayambe mlandu wina, wolimbana ndi munthu wodziwa malamulo, kuli ngati kuuza wothyoka mwendo kuti athamangire kuchipatala. Nchifukwa chake nkwabwino kutchinga zisanafike pamenepo. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Mlandu ngwanu, si wa loya. Muli ndi ufulu womufunsa nambala ya mlanduwo, chimene chinachitika komaliza ndi tsiku lake, ndi chimene chikudikiridwa. Mukaona kuti miyezi ikupita popanda yankho, pitani nokha ku ofesi ya khoti ndi nambalayo mukafunse. Madandaulo a khalidwe la maloya amalandiridwa ndi bungwe la Malawi Law Society. Ndipo amene alibe ndalama ya loya angathe kupempha thandizo ku Legal Aid Bureau, imene Boma linakhazikitsa kaamba ka anthu otere.

MLANDU UKACHOTSEDWA

Kuchotsedwa kwa mlandu chifukwa cha kuchedwa sikutanthauza kuti woweruza wapeza kuti wodandaula ananama. Nkhani yeniyeniyo sinamvedwe. Chotero nthawi zambiri khomo limakhala lotsekedwa koma losakhomedwa. Munthu angathe kupempha khoti lomwelo kuti liubwezere mlanduwo, polemba chikalata cholumbirira chofotokoza chimene chinachitika. Apa liwiro ndilo mankhwala. Wobwera patapita mlungu umodzi ndi wobwera patapita chaka saonedwa mofanana, pakuti kuchedwa kupepesa ndi kuchedwa kwachiwiri. Khoti likalola, kawirikawiri limaika zoti wochedwayo alipire ndalama zimene mnzake waononga, ndiponso limapereka tsiku lomaliza, ndi chenjezo lakuti akaliphonyanso mlandu udzafa wokha popanda kumvanso mawu ena. Lamulo lotere likatuluka, danga la woweruza latsala pang'ono kutha, ndipo tsikulo liyenera kusungidwa ngati tsiku la mayeso.

Chimodzimodzinso munthu amene anagamulidwa osamvedwa chifukwa sanayankhe samani. Ku Bwalo Lalikulu angathe kupempha kuti chigamulocho chichotsedwe, ndipo malamulo akufuna kuti achite chotero isanathe miyezi 3. Akapyola pamenepo afotokozenso chimene chinamchedwetsa. Koma kupepesa kokha sikukwanira. Ayenera kusonyeza kuti ali ndi yankho lenileni pa mlanduwo, monga lisiti losonyeza kuti ngongoleyo anabweza. Khoti silitsegula mlandu kuti munthu adzangovomera zomwe zinagamulidwa kale.

Tsono pano ndi pamene nthawi ziwiri zija tinayamba nazo zimakumana, ndipo ndi pamene pali dzenje lakuya. Ngati mlandu wachotsedwa zaka zoyambira mlandu zisanathe, nthawi zina munthu angathe kusumanso mwatsopano, ngakhale adzalipiranso ndalama ndipo khoti lidzamuyang'ana ndi diso lokayika. Koma bwererani kwa mphunzitsi wathu wa njinga uja. Tinene kuti anasuma bwino mu Januwale 2024, kutatsala miyezi iwiri kuti zaka 3 zithe. Loya wake nagona, miyezi 12 nidutsa popanda chochitika, khoti nilifafaniza mlanduwo mu 2025. Kusumanso sikungatheke, pakuti zaka 3 zinatha mu Malichi 2024. Chimene chamtsalira ndi kupempha woweruza kuti aubwezere mlandu wakale uja, ndipo woweruza angathe kulola, angathenso kukana. Munthu amene anasuma mochedwa ndiye ayenera kuthamanga koposa onse mlandu ukayamba. Zengerezu adalinda kwawukwawu.

Mawu otsiriza apite kwa inu aphunzitsi, pakuti m'midzi yambiri pepala la khoti likafika limathamangira kwa inu kuti muliwerenge. Musanayambe kumasulira Chingerezi chake, funsani mwini wake tsiku limene analilandira, ndi amene anampatsa, ndipo lembani zimenezi m'kope, chifukwa masiku amayamba kuwerengedwa kuchokera pa kulandira, osati pa tsiku limene inu mwaliwerenga. Kenaka pezani dzina la khoti, nambala ya mlandu ndi tsiku loitanidwa, mumuwerengere masiku amene atsala. Ngati mwaona kuti masikuwo atha kale, musamuuze kuti zake zada, ndiponso musamuuze kuti palibe kanthu. Muuzeni akwere basi ya m'mawa, atenge pepalalo pamodzi ndi malisiti, makalata a kuchipatala ndi china chilichonse chosonyeza chimene chinamchedwetsa, akafike ku ofesi ya khoti limene latchulidwa pa pepalalo.